Timbale ta Amake Makoswe

Pali ntchito zina zimene munthu ukafunsidwa pagulu umayamba watsokomola kaye usanayankhe. Ntchito ya Amake Makoswe inali imodzi mwa zimenezo. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ankasamala makoswe oyera m'chipinda chapansi cha nyumba ya kafukufuku, pa sukulu ina ya udokotala: kuwasinthira utuchi, kuwatsukira mabotolo a madzi, kuwaikira chakudya ndi kuwayeza pasikelo. Anthu anzawo ankatchera misampha kuti makoswe athe m'nyumba, iwo ankalawirira m'mawa kuti makoswe anenepe. Dzinalo anawapatsa ndi alonda a pageti pofuna kuwaseka, koma eni ake analilandira ndi manja awiri, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa chitupa.

Anayamba ngati wokolopa m'makonde. Tsiku lina amene ankasamala makoswe analumidwa chala nkuthawa ntchito osatsazika, ndipo atafunsa kuti ndani angagwirizire kwa sabata imodzi, aliyense anayang'ana kudenga kupatula iwo. Sabata imodziyo ndi imene inatalika mpaka imvi kumera. Sukulu sanapite nayo patali, koma khoswe ankamudziwa kuposa ophunzira onyamula mabuku akuluakulu. Akangotsegula chitseko m'mawa, fungo lokha linkawauza ngati muli wodwala. Ophunzira atsopano onse ankayamba adutsa m'manja mwawo asanaloledwe kukhudza nyama, ndipo amene wanyamula khoswe kumchira ngati akutola chinyalala ankamva mawu oti sangawaiwale mpaka kumaliza maphunziro.

Kunyumba kwawo, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa mpanda wa sukuluyo, kunali mlongo wawo wamng'ono. Kale bamboyo ankagwira ntchito ya misewu, yothira phula, munthu wa mphamvu zake ndi nthabwala zosatha. Masana ena dzuwa likuswa mtengo anagwa pafupi ndi mgolo wa phula lowira, anzake nkumayesa kuti waledzera; pamene ankamufikitsa kuchipatala nkuti nthawi itapita. Moyo unatsala, koma poyenda ankadzandira, manja ankanjenjemera, ndipo mawu ankatuluka mokokeka. Mkazi wake anapirira zaka ziwiri nkulongedza. Kuyambira pamenepo Amake Makoswe ndi amene ankamufewetsera chakudya ndi kumugwirira supuni, m'mawa, masana pa nthawi yopuma, ndi madzulo. Nyumbayo inali ya ntchito. Kutaya ntchito kunali kutaya nyumba, ndi kutayanso kanjira ka mphindi zisanu kamene kankawalola kuthamangira kukamudyetsa masana.

Ndiye kunabwera dokotala wachitsikana, wowonda, woyenda ngati waiwala poto pamoto. Onse ankamuitana kuti Adokotala Aang'ono, poti wamkulu analipo kale, Apulofesa, mwini mawu omaliza m'nyumba yonseyo. Kafukufuku wa Adokotala Aang'ono anali pa matenda omwewo amene anagwetsa mlongo uja. Munthu akakhalitsa pa kutentha koopsa, thupi limalephera kudziziziritsa, amakomoka, ndipo ngakhale atatsitsimuka ubongo umatha kutsala utawonongeka. Adokotala ankafuna kuona ngati mpweya wa okosijeni wopanikizidwa ungachepetse kuwonongekako. Zotere suyambira pa anthu, ndiye mtolo wonse unagwera makoswe.

Khoswe ankamugonetsa ndi mankhwala, kumuika m'bokosi lotentha kwa nthawi yoyezedwa, kenako kumuziziritsa. Theka la makoswewo linkalowa mu thanki yachitsulo ya kazenera kozungulira, mmene ankapoperamo okosijeni mothinana kwa ola limodzi. Theka linalo linkalowa mu thanki yomweyo koma nkumapuma mpweya wamba. Woyendetsa thankiyo anali bambo wina wadazi, wakale pa ntchito ngati Amake Makoswe, amene aliyense ankangomuti Athanki. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, nkumauza anthu kuti ameneyo ndi mkazi wawo wachiwiri, ndipo ndi yekhayo amene sayankha mwano.

Akatuluka mu thanki, makoswe ankabwerera m'chipinda chapansi, aliyense m'khola lakelake lolembedwa nambala basi. Amake Makoswe sankayenera kudziwa kuti uyu wapuma okosijeni, uyu ayi. Lamulo linali papepala lomata kukhoma: onse chakudya chimodzi, madzi amodzi, kasamalidwe kamodzi, kwa masabata awiri.

Pa gulu loyamba anatsata lamulolo bwinobwino, ndipo ndi pamene mtima wawo unayamba kuwawa. Chakudya cha makoswe a m'nyumba zotere ndi timibulu touma, tolimba, timene amaika pa waya wa pamwamba pa khola. Khoswe amaimirira ndi miyendo yakumbuyo nkumakukuta. Kwa khoswe wabwinobwino imeneyo si ntchito. Koma ena mwa awa obwera kotentha ankati akaimirira nkugwera chammbali, kuyesanso, kugwanso, mpaka kungogona pansi akuyang'ana chakudya chili pamwamba pa mutu wawo. Kudzandira kumeneko Amake Makoswe ankakudziwa. Ankakusiya kunyumba m'mawa uliwonse nkudzakupezanso kuntchito. Makoswe atatu anafa. Iwo analemba papepala monga mwa lamulo, nkupita kukalira kochapira mabotolo, madzi akutuluka pampopi kuti asamveke.

Tisawanamizire, anayesa kunena. Anakumana ndi Adokotala m'khonde, foni ili kukhutu, mapepala ali m'khwapa. "Tikambirana, Mayi," anatero Adokotala akudutsa, ndipo kukambiranako sikunachitike. Amake Makoswe sanabwerezenso. Anadziuza okha kuti wotsuka makola sangaphunzitse dokotala kafukufuku.

Gulu lachiwiri litafika, analephera kupirira. Anatolera zivindikiro za mabotolo a jamu, kuziwiritsa bwinobwino, nkusandutsa timbale. M'mawa ankafika anthu onse asanabwere, kunyika timibulu tija m'madzi ofunda mpaka tifewe, nkuika kambale pansi m'khola la khoswe aliyense amene waoneka kuti sakufikira pawaya. Isanakwane eyiti ankachotsa timbale tonse, kutsuka, nkubisa pansi pa magolovesi m'kabati yawo. Chikumbumtima ankachigoneka ndi mawu ochepa: chakudya nchomwecho, madzi ndi omwewo, nanga kufewetsa ndi mankhwala? Ndipo kunena zoona, zinkasangalatsa kuona tinyama tija titagwira m'mphepete mwa kambale ndi timanja tawo, ndevu zili phalaphala. M'gulu limenelo simunafe khoswe ndi mmodzi yemwe.

Paja amati chifundo chinapha nkhwali. Masabata awiri atatha, Adokotala Aang'ono anakhala pansi kuwerengera zotsatira ndipo mutu unawaima. M'gulu loyamba, makoswe opuma okosijeni ankaoneka kuti achira bwino kuposa anzawo, pa kulemera ndi pa kuyenda pa kathabwa kopyapyala kamene ankawayesera. M'gulu lachiwirili kusiyanako kunazimirira. Anawerengera kawiri, katatu, nkupita nazo kwa Apulofesa. Apulofesa sanachedwe kupeza wolakwa: ngati mankhwala sakugwira, ndiye kuti thanki ikutaya mpweya.

Patapita masiku anayi, Amake Makoswe anapeza Athanki atakhala pa masitepe a kuseri, buledi ali pamwendo osadyedwa.

"Achimwene, buledi ameneyo mukusungira nyerere?"

"Ndisiyeni, achemwali," anatero Athanki. "Thanki ija ndaimasula, ndaimanga, ndaimasulanso. Ndapaka sopo polumikiza ponse, palibe pamene pakutuluka thovu. Koma bwana akuti mwina maso anga akalamba, sindikuwerenganso bwino geji yoyezera mpweya. Akuti aitanitsa wina wakunja adzaione. Ine, amene thanki imeneyo ndinaitsitsa ndi manja angawa tsiku limene inabwera!"

Masana omwewo Amake Makoswe, akuthandiza Adokotala kuyeza makoswe, anafunsa ngati zongocheza.

"Adokotala, ndifunse nawo zaumbuli. Khoswe wodwala akamadya bwino kuposa mnzake, manambala anu aja amasintha?"

"Amasintha kwambiri, Mayi. Wodya bwino amapeza mphamvu msanga, ndiye sitingadziwenso kuti chamuthandiza ndi thanki kapena chakudya. Nchifukwa chake timati onse chimodzimodzi. Mwafunsiranji?"

"Ayi, kungofuna kudziwa."

Limenelo linali Lachisanu. Loweruka ndi Lamulungu anawatalikira kuposa zaka zonse za ntchito yawo. Palibe amene anawaona. Timbale khumi ndi kamodzi tikanatha kulowa m'bini nkhani nkuthera pomwepo. Athanki akanapirira manyazi, mwina nkusamutsidwira kwina, koma sakanafa nazo. Pamene iwo, akaulula, lamulo linali lodziwika: wosokoneza kafukufuku mwadala amaona msana wa njira. Ankayang'ana khomo lalikulu limene akalipentala anawakulitsira kuti mlongo wawo azidutsa ndi ndodo zake, ndi chitsulo chogwirira chimene anakhomera kubafa, nkumadzifunsa kuti zonsezi angazipezenso kuti.

Lamulungu masana, akumudyetsa, supuni inaphonya pakamwa kawiri. Mlongoyo anawayang'anitsitsa.

"Achemwali, wonjenjemera m'nyumba muno ndine. Inu mwatani?"

Anamufotokozera zonse. Bamboyo anasonkhanitsa mawu monga ankachitira, kenako anayankhula pang'onopang'ono.

"Ine anzanga anandiona nditagwa, aliyense nkumati wina anena. Inu kaneneni. Akatichotsa muno, mudzandipemphere khola limodzi kwa makoswe anuwo. Ndamva kuti kumeneko amadya bwino."

Anaseka onse awiri, Amake Makoswe misozi ili mbwembwembwe.

Lolemba m'mawa anagogoda pa ofesi ya Adokotala Aang'ono atanyamula kajumbo. Anakhuthulira timbale tonse patebulo, pamwamba pa mapepala, ndipo tinalira ngati ndalama zachitsulo.

"Adokotala, thanki ilibe mlandu. Wolakwa ndine."

Ananena zonse osasiya kanthu: nthawi imene ankafika, mmene ankanyikira chakudya, kumene ankabisa timbale. Adokotala anamvetsera ataimirira, kenako anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Mayi, miyezi isanu! Miyezi isanu ya ntchito, ndi makoswe makumi anayi amene tawavutitsa pachabe! Inu amene mumaphunzitsa ophunzira kutsata malamulo?"

Amake Makoswe anangoti zyoli. Mawu oti makoswe avutika pachabe ndi amene anawalasa kwambiri, chifukwa mbali imeneyo anali asanaiganize.

"Bwanji simunandiuze kuti akulephera kudya?"

"Ndinayesa tsiku lija m'khonde. Munati tikambirana."

Apa Adokotala ndi amene anayang'ana pansi. Patapita kanthawi anafunsa, mawu atatsika, ngati akukumbukira makola amene ankaikamo timbale. Funso lotani limenelo kwa Amake Makoswe! Anatchula manambala onse khumi ndi imodzi osapumira, pamodzi ndi tsiku limene aliyense anayamba ndi limene anasiya. Adokotala analemba, nkutulutsa m'dirowa pepala lachinsinsi losonyeza gulu la khoswe aliyense, nkuyamba kufananitsa ndi cholembera. Mwa khumi ndi mmodziwo, asanu ndi anayi anali opuma mpweya wamba.

"Ndiye kuti thanki ikuthandiza?" anafunsa Amake Makoswe.

"Mwina. Koma izi sindingapite nazo kulikonse, Mayi. Gulu lonseli latayika basi." Anapukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa malaya. "Nanga munachitiranji zimenezi?"

Kwa zaka zonsezo anali asanauzepo munthu wa kuntchito za mlongo wawo kupitirira mawu oti kunyumba kuli wodwala. Tsiku limenelo ananena, mwachidule, za phula, za kudzandira ndi za supuni. Adokotala anangotolera timbale tija nkubwezera m'kajumbo.

"Tiyeni kwa Apulofesa. Ndiyankhula ndine, inu mungokhala."

Apulofesa anakalipa mpaka mlembi wawo anadzuka kukatseka chitseko cha kukhonde. Anatchula lamulo, anatchula mbiri ya sukulu, anatchula anthu akunja amene amakhulupirira zotuluka m'nyumba imeneyo. Zonse zinali zoona, ndipo Amake Makoswe anali atayamba kale kuganiza za makatoni olongedzera ziwiya. Apulofesa atatopa, Adokotala Aang'ono anapempha kuyankhula.

"Bwana, Mayiwa alakwa, ndipo abwera okha kudzanena pamene palibe akanadziwa. Koma cholakwa choyamba nchanga. Ndondomeko ndinalemba ndine, ndipo sindinaganize kuti khoswe wodzandira sangafikire chakudya cha pamwamba. Atatu aja anafa m'gulu loyamba, sindikudziwanso ngati unali ubongo kapena njala. Ndakhala ndikuyeza njala nkumati ndikuyeza ubongo. Anaona zimenezi ndi Mayiwa, anayesa kundiuza, ine ndinali pafoni. Mukawachotsa, mwachotsa maso okhawo amene anaona, ndipo kalata yondichotsa ine mulembenso tsiku lomwelo."

Apulofesa anaitanitsa Athanki kuti amve okha kuti thanki yawo ilibe vuto. Bamboyo anamvetsera, nkusisita dazi lake, nkuyang'ana Amake Makoswe nthawi yaitali.

"Achemwali, masiku anayi ndikukwawa pansi pa thanki, inu muli phee ndi timbale tanu!" Kenako anatembenukira kwa Apulofesa. "Bwana, wonamiziridwa ndine, ndiye ndiloleni ndinene. Musawachotse. Akachoka amenewa, makoswe aja adzawagwira ndani? Inuyo?"

Apulofesa sanaseke, koma ndevu zinagwedezeka. Chigamulo chinatuluka mawa lake: kalata ya chenjezo m'faelo ya Amake Makoswe, yoyamba pa zaka zonsezo, gulu lachiwiri litayidwe, ndondomeko ilembedwenso ndi kupita ku komiti yoona za kasamalidwe ka nyama. Makiyi a chipinda chapansi anatsala m'thumba mwa mwini wake.

Kalatayo inawapweteka, tisabise. Koma poyenda kanjira kaja masana amenewo, kupita kukadyetsa mlongo wawo, ankamva kuthokoza kodzaza chifuwa, kosowa nako poika. Mtsikana wa msinkhu woti nkukhala mwana wawo anaika ntchito yake pamoto chifukwa cha iwo. Bambo amene iwo anamuchititsa manyazi ndi amene anawapempherera. Anthu amati kuntchito kulibe m'bale, koma iwo tsiku limenelo anawerenga abale awiri.

Podikira yankho la komiti, tsiku lina anafunsa funso limene linakhala pakhosi kuyambira pamene thanki inayamba kulandira makoswe.

"Adokotala, zikadzatheka zimenezi, mlongo wanga angadzalowe nawo mu thanki yotere?"

Adokotala anasiya kulemba. "Mayi, sindikunamizani. Ife tikuyesa pa makoswe, ndiponso maola oyambirira chichitikireni ngoziyo. Kuchoka apa kufika pa munthu ndi ulendo wa zaka, ndipo mwina osafika nkomwe. Kwa achimwene anu, pakadutsa zaka zonsezi, sindikuona kuti zingathandize. Ngati zidzathandize, adzakhala wina amene sanagwebe."

"Zikomo, mwana wanga," anatero Amake Makoswe. Aka kanali koyamba kuwatchula choncho. Madokotala ambiri anali atawauzapo kuti tiyeni tione, ndipo anayamikira kuti uyu sanawapatse chiyembekezo chongowatonthoza.

Komiti inavomera, ndipo gulu lachitatu linafika. Tsopano chakudya chofewa chinali cha onse, odzandira ndi oyenda bwino omwe, choyezedwa pasikelo, kambale kamodzi m'mawa, kotsala nkuyezedwanso. Mmene anganyikire, madzi ochuluka bwanji, ofunda motani, Adokotala anachita kukhala pampando ndi cholembera, Amake Makoswe ataimirira akuphunzitsa. Anawonjezeranso mzere wina papepala la kukhoma: wosamala nyama akaona chodetsa nkhawa aitane dokotala nthawi yomweyo, ndipo dokotala atsike.

Pa tsiku lachinayi, khoswe wa m'khola la nambala 17 anadya theka la kambale kake nkugona, mutu uli pautuchi. Amake Makoswe anaima pamenepo nthawi yaitali. Ankadziwa bwino chimene chikanamudzutsa: kumunyamula m'dzanja, kumufunditsa, kumudyetsa pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala. Dzanja linafika mpaka pa chitseko cha khola. Koma tsopano ankadziwanso kuti chala chimenecho chikhoza kusandutsa kuvutika kwa makoswe onse makumi anayi kukhala kwachabe, ndi kubera munthu wina wosadziwika, amene tsiku lina adzagwe pa msewu wotentha, yankho loona. Anabweza dzanja, ndipo zinawawawa kuposa kalata ya chenjezo ija.

Anachotsa kambale, kuyeza kotsala, kulemba nambala papepala. Kenako anawerama mpaka nkhope kufika pawaya.

"Pepa, mwanawe. Ukutisenzera katundu amene si wako. Zikomo."

Anavula golovesi imodzi nkuimba foni ya kumtunda. Sipanathe mphindi ziwiri, anamva nsapato za Adokotala zikutsika masitepe mothamanga.